Maybe (mu Haskell)

Maybe ndi mtundu wa deta m'chilankhulo cha pakompyuta cha Haskell, chomwe chinatuluka koyamba mu 1990 ndipo chinatchedwa dzina la katswiri wa masamu Haskell Curry. Ntchito ya Maybe ndi kusonyeza kuti yankho likhoza kupezeka kapena ayi. Likapezeka, pulogalamu imabweza Just pamodzi ndi yankholo. Likasowa, imabweza Nothing.

Phindu lake limaoneka pa zinthu zing'onozing'ono. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa ku Domasi Mission walemba pulogalamu yotulutsa dzina loyamba pa mndandanda wa ana amene akhoza mayeso. Akagwiritsa ntchito fankishoni ya head, zonse ziyenda bwino mpaka tsiku lomwe mndandandawo udzapezeke wopanda dzina ngakhale limodzi: pulogalamu idzaima pomwepo. Koma listToMaybe, ya mu Data.Maybe, imangobweza Nothing, ndipo mtundu wa yankholo umamukakamiza wolembayo kuganiziratu chochita mndandanda ukakhala wopanda kanthu. Vuto limagwidwa akulemba, osati makolo atafika kale kudzamva zotsatira.

Chodandaulitsa n'chakuti head akadali mu Prelude, laibulale yomwe wophunzira aliyense amayambira. Kumuchotsa kungawononge mapulogalamu ambirimbiri akale, n'chifukwa chake oyang'anira laibulaleyi anasankha kupita pang'onopang'ono. Mu 2016 anaika Data.List.NonEmpty, mndandanda womwe sungakhale wopanda kanthu, mu laibulale yaikulu ya base, ndipo kuyambira GHC 9.8, ya mu 2023, kompaila ya Haskell imeneyi imachenjeza aliyense wogwiritsa ntchito head kapena tail, fankishoni ina yomwenso imaimitsa pulogalamu mndandanda ukakhala wopanda kanthu.

Maybe sanena chifukwa chimene yankho lasowera. Wofuna chifukwacho agwiritse ntchito mtundu wina wa deta wotchedwa Either.