Sitolo ya Agogo ku Kasungu: Zimene Zithunzi ndi Makaundula Zinatiuza

M'banja mwathu tinakula tikumva kuti agogo athu aamuna, mbadwa ya ku Nkhotakota, anamanga sitolo ku Kasungu ndi manja awo. Atamwalira anatisiyira zithunzi ziwiri m'sutikesi yachitsulo. Pamene zidzukulu zawo ndi za mng'ono wawo zinayamba kulimbirana nyumbayo, tinaona kuti nkwabwino tifufuze mbiri yake tisanadane pachibale.

Poyamba tinafuna kudziwa chimene chinatengera munthu wa kunyanja kumtunda. Njirayo ndi yakale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, amalonda ankapita m'dziko la Mwase Kasungu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, nabwerako ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Zimenezi sitiyenera kuzibisa. Mu 1895 asilikali a Angerezi ochokera ku Nkhotakota anagonjetsa Mwase, ndipo anamanga linga la Fort Alston. Malonda a akapolo anatha, koma njira inatsala, ndipo makolo athu ankaikwera ndi nsomba zouma ndi mpunga. Agogo anayenda m'mapazi a anthu amenewo.

Chithunzi choyamba chinatidabwitsa. Agogo ali mnyamata, avala chisoti choyera, akhala pa makina osokera pakhonde la sitolo. Pamwamba pa chitseko pali dzina la Mmwenye, ndipo mitengo ya mchere ndi sopo yalembedwa m'mashilini ndi makobiri. Dziko lino linasiya mapaundi ndi mashilini mu 1971, pamene kwacha ndi tambala zinayamba. Choncho chithunzicho chinajambulidwa chaka chimenecho chisanafike, ndipo pa nthawiyo agogo anali telala wa pakhonde, osati mwini sitolo.

Pa chithunzi chachiwiri khonde ndi lomwelo, mizati ndi yomweyo, koma agogo aima pakhomo atagwira makiyi, ndipo mitengo yalembedwa m'matambala. Pakati pa zithunzi ziwirizi panachitika zazikulu. Mu 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda, amenenso kwawo kunali ku Kasungu, linayamba kuchotsa Amwenye pa malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atasamukira m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Masitolo amene anasiya anagulidwa ndi Amalawi. Ambiri anatsekedwa posakhalitsa chifukwa chosowa mpamba, koma ku Kasungu fodya anathandiza: bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linakhazikitsidwa mu 1968, maesiteti anachuluka, ndipo antchito ankafuna nsalu, makasu ndi palafini.

Kuti titsimikize zimenezi tinapita ku Zomba, ku National Archives of Malawi, nyumba yosungira zolemba za boma imene inayamba mu 1947. Wofufuza kumeneko adziwe zinthu ziwiri. Choyamba, moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga zolemba zambiri zakale. Chachiwiri, mayina a malo anasintha: Nkhotakota ankailemba Kota Kota, Mangochi inali Fort Johnston, ndipo m'zaka zoyambirira za atsamunda Kasungu inali m'chigawo cha Marimba, chimene likulu lake linali ku Kota Kota. Ife dzina la agogo sitinalipeze m'zolemba za atsamunda zimene tinawerenga, pakuti chiphaso cha malonda chinkalembedwa m'dzina la mwini sitolo, osati la telala wake.

Umboni womaliza unapezeka pafupi. Azakhali athu anali atasunga malisiti a msonkho ndi kalata yogulira nyumbayo, atazikulunga m'nsalu. Pa kalatayo pali mayina awiri: la agogo ndi la mng'ono wawo. Akuluakulu awiri a pa mzikiti wa ku Kasungu anatiuzanso kuti wamng'onoyo ankatumiza ndalama za nsomba kuchokera kunyanja mpaka mtengo unakwana. Sitoloyo sinamangidwe ndi agogo, ndipo sinali yawo okha. Ena mwa ife zinatiwawa, koma mkangano unathera pomwepo, ndipo lendi ya nyumbayo mabanja awiriwa amagawana.

Abale, m'nyumba zambiri ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi muli zithunzi zotere, zikudyedwa ndi chiswe ndi chinyezi. Tizitulutse akuluakulu akadali moyo, tiwafunse amene ali pachithunzipo, malo ake ndi chaka chake, ndipo tilembe kuseri ndi pensulo. Malisiti ndi makalata a malo tiwajambule, mbali iliyonse ya banja isunge ake.