Mmene Makompyuta Anaphunzirira Kupatsana Katundu

Usiku wa pa 29 Okotobala 1969, Charley Kline, wophunzira pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, anafuna kutumiza mawu akuti LOGIN ku kompyuta ya ku Stanford Research Institute, mtunda wa makilomita oposa 500. Atangolemba L ndi O, kompyuta ya kutsidyako inafa. Zilembo ziwirizo ndizo zinali uthenga woyamba pa ARPANET, kholo la intaneti. Pofika Disembala malo olumikizidwa anali anayi.

Ndalama zinachokera ku ARPA, nthambi ya unduna wa zachitetezo ku America. Makompyuta anali ochepa ndi odula zedi, choncho kunali kwanzeru kuti akatswiri azibwerekana. Nzeru ya kayendetsedwe ka uthenga inali ya Paul Baran ku America ndi Donald Davies ku Britain, aliyense payekha: uthenga uzidulidwa m'timaphukusi, kalikonse ndi keyala yake, tikakumane komwe tikupita.

Koma msewu wokha sunali wokwanira. Kompyuta ya IBM inkasunga zilembo mwamtundu wake, ya DEC mwamtundu winanso, moti fayilo yochokera kwina inkafika ngati kalata ya chinenero chachilendo. Pa 16 Epulo 1971, Abhay Bhushan, Mmwenye wa ku MIT, anatulutsa chikalata chotchedwa RFC 114 chofotokoza malamulo opatsirana mafayilo, omwe timawatcha FTP. Zikalata za RFC zimenezi, tinene podutsa, dzina lake limatanthauza pempho loti anzako aikepo maganizo. Kudzichepetsa kotere n'kosowa pakati pa anthu ophunzira.

Malamulowa anakonzedwa kangapo mpaka mu 1985 pamene Jon Postel ndi Joyce Reynolds anawakhazikitsa mu RFC 959. Chosangalatsa n'chakuti FTP imatsegula njira ziwiri. Yoyamba, ya pakhomo nambala 21, ndi yokambirana basi. Wopempha amatchula dzina ndi USER, mawu achinsinsi ndi PASS, kenaka RETR akafuna kutenga kapena STOR akafuna kusiya. Mwini nkhokwe amayankha ndi manambala atatu: 230 ndiye kuti lowani, 550 ndiye kuti fayiloyo simuipeza. Katundu weniweni amatulukira khomo lina, monga zichitikira pogula chimanga: mtengo mumvana pakhonde, matumba achokere kuseri.

Posakhalitsa mayunivesite anatsekula nkhokwe zawo kwa aliyense wolemba dzina loti anonymous. Zinachuluka mpaka anthu kumasokera, ndipo mu 1990 Alan Emtage wa ku Barbados, ali pa McGill ku Montreal, anapanga Archie yofufuzira mayina a mafayilo m'nkhokwezo. Chaka chomwecho ARPANET inatsekedwa, koma FTP inatsala.

Chilema chake chinali chobadwa nacho. Inapangidwira kamudzi ka anthu odziwana, kotero mawu achinsinsi ankayenda osabisika, ndipo aliyense wotchera khutu panjira akanatha kuwawerenga. Mudzi utakula, mbala nazo zinafika. Anthu anasamukira ku njira zobisa uthenga monga SFTP ndi HTTPS, ndipo mu 2021 Chrome ndi Firefox zinaichotseratu FTP, itatumikira zaka 50.