Chithunzi Chikakhala Mboni

Ojambula nkhani amasiyanitsa foto ya pa studiyo ndi chithunzi cha umboni. Pa studiyo munthu amatchena n'kuima mmene akufunira. Chithunzi cha umboni chimagwira zinthu zili mkati mochitika, ngakhale olamula asakufuna kuti zioneke. Ricardo Rangel, woyamba wosakhala mzungu kujambulira nyuzipepala ya Notícias da Tarde ku Lourenço Marques mu 1952, anajambula zitseko ziwiri za chimbudzi: china cholembedwa "Homens", amuna, china "Serventes", antchito. Tsankho la atsamunda linaonekera poyera pa zitsekozo.

Choyamba chimene wojambula amasankha ndi malire a chithunzi: ndani alowe, ndani atsale kunja. Ku Soweto pa 16 June 1976, Sam Nzima analoza kamera kwa mnyamata wonyamula Hector Pieterson atawomberedwa, mlongo wa Hector akuthamanga pambali akulira. Apolisi mulibe m'chithunzimo, koma ntchito ya manja awo aliyense akuiona.

Chachiwiri ndi legenda, mawu a pansi pa chithunzi otchula malo, tsiku ndi anthu. Chithunzi chimodzimodzi boma lingachitche "chipolowe", ofedwa n'kuchitcha "kuphedwa kwa ana asukulu". Wolemba legenda ndiye amauza woona chimene akuona.

Chachitatu ndi negativo, kafilimu koyambirira kotsukirako zithunzi. Censura ya Apwitikizi inkaletsa zithunzi zambiri za Rangel kusindikizidwa, koma negativo ikapulumuka, umboni umadikira tsiku lake.

Kuno ku Tete nkhondo ya ufulu inayaka kuyambira 1968, makamaka kumidzi, kutali ndi makamera a m'tauni. Asilikali a Chipwitikizi atapha anthu mazana ku Wiriyamu pa 16 December 1972, dziko linamva kudzera mwa opulumuka ndi ansembe, mpaka bambo Adrian Hastings anaitulutsa nkhaniyo mu The Times ya ku London mu July 1973. Boma la Lisbon linakana, likuti mudziwo kulibe.

N'chifukwa chake zithunzi zakale zosungidwa m'masutikesi ku Chifunde, za m'midzi youmiriza ya aldeamento kapena za othawira ku Zambia, zikufunika legenda lero lomwe. Tikhale pansi ndi agogo, atiuze maina, malo ndi chaka, ife tilembe kumbuyo kwa chithunzi chilichonse iwo akadali moyo.