Wansembe analowa m'wodi kalekale, sing'anga akadali pachipata

Boma la Mchinji lisanadziwike ndi dzina limeneli linkatchedwa Fort Manning, dzina la linga la asilikali a atsamunda omwe anagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898. Masiku amenewo mwana akatupa masaya ndi miyendo, akuluakulu ankati ndi tsempho ndipo ankathamangira kwa sing'anga. Mayi akafika tsiku lake, azamba ndi amene ankamuchiritsa. Sing'angayo ndiye anali dokotala, ndiponso amene ankayankha funso lomwe limasautsa wodwala aliyense: bwanji zagwera ine?

Mankhwala achizungu anafika ndi pemphero. Ansembe a White Fathers anakhazikika ku Kachebere mu 1903, a Seventh Day Adventist anatsegula chipatala ku Mwami, kutsidya kwa malire, m'zaka za m'ma 1920, kenaka kunabwera zipatala za Akatolika ku Ludzi, ku Guilleme ndi ku Kapiri. N'chifukwa chake mpaka lero palibe amene amadabwa kuona wansembe akudzoza wodwala, amayi amvano akuyimba nyimbo m'wodi, kapena shehe akuchita duwa pambali pa bedi.

Sing'anga yekha ndiye anatsekeredwa kunja. Lamulo la za ufiti la mu 1911, lomwe likugwirabe ntchito, linaletsa kumwetsa mwabvi ndi kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Linapulumutsa miyoyo, pakuti mwabvi unatha anthu osalakwa. Silinaletse zitsamba, koma m'maso mwa abwanamkubwa ndi amishoni ambiri, wokumba mizu ya m'mimba ndi wosaka mfiti anali munthu mmodzi. Kuyambira apo odwala anaphunzira kubisa: chithumwa cha mwana chimavulidwa panjira, botolo la mizu limakhala pansi pa dengu la wodikirira matenda.

Nthawi imene boma linayesadi kugwirana manja ndi akumudzi inali pa nkhani ya uchembere. Msonkhano wa zaumoyo wa ku Alma-Ata mu 1978 utalimbikitsa mayiko kugwiritsa ntchito ochiritsa achikhalidwe, Malawi inaphunzitsa azamba ambiri zaukhondo ndi zizindikiro zoopsa, n'kuwapatsa zipangizo. Imfa za amayi sizinatsike monga momwe ankayembekezera, ndipo mu 2007 boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi. Mafumu anayamba kulipitsa mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pakhomo. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho, koma patangopita zaka ziwiri kampeni ya uchembere wabwino ya Mayi Joyce Banda inabwezera mafumu pa ntchito yokakamiza amayi kukadikirira kuchipatala. Mzamba amene anapatsidwa satifiketi ndi boma lomwelo anasanduka wolakwa, kenaka wololedwa, kenaka woperekeza chabe.

Anamwino ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Mwanamphepo, mankhwala omwe amayi ena amamwa kuti matenda ayambe msanga, amatha kukoka chiberekero mopyola muyeso mpaka kung'ambika. Koma mayi woopa kukalipiridwa saulula kuti wamwa, ndipo namwino amazindikira zinthu zitavuta kale. Ine ndikuona kuti choopsa chachikulu chagona pa kubisako. Kuno ku Mchinji komwe, ntchito ya MaiMwana inakhazikitsa magulu a amayi m'midzi kuti azikambirana okha mavuto a uchembere, ndipo zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013, zinasonyeza kuti kumvera anthu akumudzi kumathandiza kupulumutsa amayi ndi makanda.

Asing'anga nawonso anayesedwapo. Ku Chikwawa m'zaka za m'ma 1990, katswiri wa za maso Paul Courtright ndi anzake anaphunzitsa asing'anga kuzindikira ng'ala ndi kuleka kudonthezera m'maso mankhwala owawula, ndipo iwo anayamba kutumiza odwala kukachitidwa opareshoni. Ku Salima, chipatala cha Ndi Moyo chomwe chimasamalira odwala matenda osachiritsika chili ndi dimba la zitsamba zake.

Mayiko ena anapita patsogolo. Ku Australia, ochiritsa a mtundu wa Anangu otchedwa ngangkari amaitanidwa m'zipatala za mumzinda wa Adelaide kukaona odwala a mtundu wawo, ndipo lamulo la matenda amisala la South Australia la mu 2009 limawatchula. Iwo sachotsa dokotala pa ntchito. Amatonthoza mzimu wa munthu amene wagonekedwa kutali ndi kwawo kuti alandire chithandizo mtima uli m'malo. Ku Zimbabwe bungwe la asing'anga la ZINATHA lakhalapo kuyambira 1980.

Kunena zoona, ena mwa asing'anga athu anadziipitsira okha mbiri. Mu 1995 anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe pokhulupirira kuti uchiza Edzi, ndipo sunachize. Mu 2016 khoti lalikulu ku Mzuzu linaimitsa ntchito za asing'anga chifukwa cha kuphedwa kwa abale athu achialubino. Wonamiza munthu kuti asiye ma ARV sayenera kuyandikira wodi. Lamulo la mu 2019 lomwe linakhazikitsa bungwe loona za mankhwala la PMRA linapatsa bungwelo mphamvu zoyang'anira mankhwala azitsamba, ndipo mabungwe a asing'anga monga MTHUO ali ndi mamembala odziwika. Chomwe chikufunika kuno ku Mchinji n'chakuti akuluakulu azaumoyo, mafumu ndi asing'anga olembetsedwa agwirizane za kalata yotumizira wodwala wa chifuwa chosatha kapena mwana wokomoka, komanso kuti namwino azifunsa mwaulemu zomwe wodwala wamwa kunyumba, wodwalayo n'kuyankha osaopa kubwezedwa.