Matsanga: nkhondo imene inatsikira ku Chiponde wapansi

Pachipata cha Chiponde masiku ano phokoso lake ndi la malole, njinga za kabaza ndi anyamata osinthitsa makwacha ndi meticais. Ukangodinditsa chiphaso, Mandimba ndi apo. Koma akuluakulu a kuno, Ayao amene abale awo ali kuno ndi tsidya lomwe, akamva mawu akuti "Matsanga" amayamba akhala chete.

Dzinalo linachokera kwa André Matsangaissa, msilikali wa Frelimo, chipani cholamula ku Mozambique, amene boma lake lomwe linamutsekera, n'kuthawira ku Rhodesia mu 1976. Kumeneko akazitape a Ian Smith, motsogozedwa ndi Ken Flower, ankafuna gulu losokoneza Mozambique chifukwa pulezidenti wa dzikolo, Samora Machel, ankasunga asilikali a Robert Mugabe. Umu ndi mmene Renamo inabadwira, Matsangaissa ali mtsogoleri wake, anthu n'kuyamba kuwatcha asilikali ake Matsanga. Matsangaissa anaphedwa ku Gorongosa mu Okutobala 1979, utsogoleri n'kugwera Afonso Dhlakama. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma la tsankho la South Africa linatenga udindo wopereka mfuti.

A Frelimo ankangowatcha zigawenga zokhala ndi zida, osati gulu loti n'kukhala nalo pansi. Apa ndi pamene analakwitsa kwambiri, pakuti moto anaukoleza ndi alendo koma nkhuni zinali zapakhomo pomwe. Boma linachotsa mafumu pamipando, n'kukakamiza anthu kusiya minda ndi manda a makolo awo kuti akakhale m'midzi yophatikiza. Chigawo cha Niassa, chimene Chiponde amayang'anizana nacho, anachisandutsa kotayira anthu. Uria Simango ndi Joana Simeão anatsekeredwa kumeneko, ku M'telela, ndipo sanaonekenso. Mu 1983 anthu zikwizikwi osowa ntchito anatoledwa m'misewu ya Maputo ndi Beira n'kuwatula m'tchire la Niassa kuti azikalima. Munthu wochitidwa zotere savuta kumunyengerera.

Izi sizikuyeretsa Renamo. Inkaotcha zipatala ndi sukulu, kudula anthu makutu ndi milomo, kulanda ana n'kuwapatsa mfuti. Wofufuza wina, Robert Gersony, atacheza ndi othawa kwawo, ena a iwo kuno ku Malawi, analemba mu 1988 kuti gululi linali litapha anthu wamba okwana 100,000.

Malawi anapanikizika pakati. Sitima zopita kudoko la Nacala kudzera pa Nayuchi ndi Cuamba zinaima mu 1984, katundu n'kumazungulira mpaka ku Durban pamtengo woboola m'thumba. Pa 11 Seputembala 1986 Machel anabwera ku Blantyre pamodzi ndi Mugabe ndi Kenneth Kaunda kudzauza Kamuzu Banda maso ndi maso kuti Renamo ikubisala m'dziko lake. Atabwerera kwawo Machel anaopseza kuti atseka malire ndi kuikapo mizinga. Pa 19 Okutobala chaka chomwecho anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini. Chaka chotsatira asilikali a Malawi anali atayamba kulondera njanji ya Nacala, ndipo ena anasiya moyo wawo komweko.

Anthu wamba ankangolowa m'njira zachidule, mitolo pamutu, ana kumbuyo. Pofika 1992 Malawi ankasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni: ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Mulanje ndi kuno ku Mangochi. M'madera ngati a Chiponde ndi Namwera mlendoyo nthawi zambiri anali mjomba kapena mlamu, woyankhula Chiyao chomwecho ndi kuswali mumzikiti womwewo. Kumisasa ya kummwera, mu 1990 anthu oposa 18,000 anadwala matenda a pellagra, oyamba chifukwa chodalira chimanga chokha, mtedza utasowa pachakudya chimene ankalandira.

Chilala cha 1992 chinafooketsa mbali zonse ziwiri. Pa 4 Okutobala chaka chimenecho Joaquim Chissano, amene analowa m'malo mwa Machel, ndi Dhlakama anasainirana mtendere ku Rome, mkhalapakati ali gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa. Chisankho chinachitika mu Okutobala 1994, ndipo othawa kwawo ambiri anabwerera kukapeza minda yodzaza mabomba okwirira.

Mfuti zinaliranso kuyambira 2013, ndipo mu 2016 msasa wa Luwani ku Neno unatsegulidwanso kulandira othawa ku Tete. Dhlakama anamwalira pa 3 Meyi 2018, pulezidenti wa nthawiyo Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade, amene analowa m'malo mwa Dhlakama, n'kusainirana pangano lina mu Ogasiti 2019. Pa nthawiyo n'kuti gulu lina, lodzitcha lomenyera Chisilamu ngakhale kuti ambiri mwa amene lawapha ndi kuwasamutsa m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ndi Asilamu, litayamba kale ku Mocímboa da Praia pa 5 Okutobala 2017. Kumapeto kwa 2021 linaotcha midzi m'boma la Mecula, m'chigawo chomwechi cha Niassa.