Mbiri ya moto wa pakhomo m'mphepete mwa nyanja

Khomo lililonse la m'mphepete mwa nyanja ya Malawi limafuna moto wa mitundu iwiri: wophikira ndi wounikira. Kwa makolo athu akale moto unali umodzi, pakuti nkhuni zimene zinkapsetsa nsima ndi zomwenso zinkaunikira nkhope za ana madzulo akamamvera nthano. M'zaka pafupifupi 150 zapitazi mitundu iwiriyi inasiyana njira. Kuunikira kwasintha kangapo, ndipo kusintha kotsiriza kwapeputsa matumba a mabanja ambiri. Kuphika kwatsalira pafupifupi pomwe kunali. Aliyense wofuna kudziwa kumene ndalama za pakhomo zikuthera masiku ano apindula atalondola mbiri ya njira ziwirizi.

Kale nkhuni sizinkagulidwa, komabe anthu sankazisakaza. Mtolo uliwonse unkalipiridwa ndi thukuta la mayi amene wausenza kuchokera kuthengo, choncho panali mwambo wosamala moto. Akatha kuphika ankasolola zikuni zotsala n'kuzizimitsa kuti zidzagwire ntchito mawa. Chikuni chimodzi chachikulu ankachikwirira m'phulusa kuti chisunge moto usiku wonse, popeza machesi kunalibe ndipo kupeka moto inali ntchito yotopetsa. Moto ukazima, mwana ankatumidwa ndi phale kukapala kwa anansi. Asodzi nawonso ankakopa usipa usiku ndi miuni, ndipo ankadziwa kuyerekeza miuni yokwanira ulendo umodzi wa panyanja.

Mu Okutobala 1875 sitima ya nthunzi yotchedwa Ilala, ya amishoni a Livingstonia, inalowa m'nyanja kudzera mu mtsinje wa Shire. Pambuyo pake kunabwera zina zazikulu monga Guendolen ndi Chauncy Maples. Sitimazi zinkayendera nkhuni, motero m'madoko osiyanasiyana anthu anayamba kuunjika milu ya nkhuni kuti agulitse sitima ikafika. Umu ndi mmene mtengo wa m'nkhalango unayambira kuwerengedwa ngati malonda. Matauni atakula, nkhuni zinafunikanso pootcha njerwa, poumitsa fodya ndi powamba nsomba zopita ku misika ya ku Zomba ndi Blantyre. Nkhalango zinayamba kufutukira kumapiri, ndipo ulendo wa mayi wokatola nkhuni unatalika.

M'nyengo yomweyo masitolo a Mandala ndi a amwenye anabweretsa machesi, palafini ndi nyale. Opeza bwino anagula nyale zagalasi, pamene ambiri anadzipangira koloboyi, kabotolo kapena kachitini kokhala ndi chingwe cha nsalu. Panyanja miuni inalowedwa m'malo ndi nyale zopopa za Tilley, zimene siginala amazimangirira pa bwato lake kuti usipa usonkhane chilimira chisanakokedwe. Aka kanali koyamba kuti kuwala kwa m'nyumba kuzigulidwa ndi ndalama, ndipo mabanja anaphunzira kusamala kwa mtundu wina. Palafini ankagula wa m'kabotolo, nyale ankaizimitsa akangotha kudya, ndipo ana onse a sukulu ankawerengera pa nyale imodzi. M'chaka cha 1973 mitengo ya mafuta padziko lonse inakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yowerengeka. Dziko ngati lathu, limene mafuta ake onse amachokera kunja, linamva kuwawa kwake mpaka pa koloboyi wa kumudzi.

Ambiri ankayembekezera kuti magetsi ndiwo adzathetse mavuto onsewa. Malo opangira magetsi a Nkula anatsegulidwa mu 1966, a Tedzani mu 1973, ndipo a Kapichira mu 2000. Onsewa ali pa mtsinje wa Shire, kutanthauza kuti amazunguliridwa ndi madzi otuluka m'nyanja yathu pa Mangochi. Koma madziwo anaunikira matauni ndi mafakitale, pamene midzi yambiri imene amaidutsa inatsala mumdima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi. Ngakhale olumikizidwawo anaona mu Januwale 2022 kuti magetsi sangadaliridwe kotheratu, pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mphamvu ya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Kusintha kwakukulu pa kuunikira kunabwera mwakachetechete kudzera m'misika ya kumudzi. Pa kalembera wa 2008, mabanja oposa 80 mwa 100 alionse ankaunikira palafini. Patangotha zaka 10, oposa theka ankagwiritsa ntchito matochi a mabatire, ena anali ndi masola, ndipo koloboyi anali atasowa m'nyumba zambiri. Palibe lamulo limene linakakamiza anthu. Mababu a LED, amene amawala kwambiri pa mphamvu yochepa, anatsika mtengo, ndipo mayi aliyense anawerengera yekha kuti mabatire awiri amakhalitsa kuposa palafini wa ndalama zomwezo, komanso sadetsa denga kapena kutentha nyumba. Asodzi nawo anayamba kusiya nyale zopopa n'kutenga mababu a batire. Apa tikuona kuti banja la kumudzi silikana chinthu chatsopano ngati phindu lake likuoneka m'thumba.

Kukhitchini nkhani ndi ina. Kalembera yemweyo wa 2018 anasonyeza kuti mabanja pafupifupi 77 mwa 100 ankaphikira nkhuni, ndipo pafupifupi 18 ankaphikira makala. Ambiri mwa ophikira nkhuni akadali pa mafuwa atatu, monga mmene zinalili Ilala isanabwere. Pa mafuwa, kutentha kolowa mumphika sikufika ngakhale magawo 20 mwa 100, ndipo kotsalako kumathawira m'mbali ndi mphepo, imene kunyanja siisowa. Makala amabisa chitayiko china chimene wogula sachiona: uvuni wadothi umadya makilogalamu 5 a mitengo kapena kuposerapo kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Njira yophikira ndi ya m'nthawi imene nkhalango inali kuseri kwa nyumba, koma nkhunizo tsopano zimagulidwa pamsika ngati shuga.

Zoyesayesa zinalipo. Mu 1976 boma linakhazikitsa tsiku lodzala mitengo m'dziko lonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, amisiri a ku Kenya anapanga mbaula ya makala yachitsulo yokhala ndi dothi lootcha mkati, ndipo luso limeneli linafika kuno kwathu. Dothilo limagwira kutentha kumene mbaula yachitsulo chokhachokha imataya. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku Mulanje kunayambika Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dongo, imene imatchinga mphepo ndi kulozetsa malawi pansi pa mphika, moti timitengo tochepa, zitsononkho kapena mapesi a nandolo zimakwanira kuphika nsima. Mu 2013 boma linalonjeza kuti mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zidzakhale zitafika m'makomo pofika 2020. M'madoko ena a ku Mangochi ndi Salima munamangidwanso matenti apulasitiki oumitsira nsomba ndi dzuwa, pofuna kuchepetsa nkhuni zofutsira ndi zowambira.

Nanga n'chifukwa chiyani mbaula sinafalikire msanga ngati tochi? Chifukwa chimodzi n'chakuti ndalama ya palafini inkaoneka potuluka, pamene nkhuni zotola zimaoneka ngati zaulere. Maola amene mayi ndi ana aakazi amathera kuphiri salembedwa m'kabuku ka ndalama za banja, ndipo utsi wofiiritsa maso ndi kutsokomoletsa makanda suwerengedwa ngati ngongole mpaka tsiku lopita kuchipatala. Chifukwa china n'chakuti amene amasunga ndalama nthawi zambiri si amene amakhala pamoto. Bambo anagula tochi msanga popeza mdima unkamukhudza iyenso, koma mbaula yadongo inaoneka ngati nkhani ya amayi okha.

Zambiri zimene zimapulumutsa nkhuni sizifuna ndalama, ndipo agogo athu ankazidziwa. Nkhuni zouma zimapereka kutentha konse ku mphika, pamene zaziwisi zimayamba zathera mphamvu pouma. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga. Mphika wovundikira umawira mofulumira, ndipo ukawira moto waukulu suwonjezera kanthu. Kukonzeratu ndiwo, ufa ndi madzi moto usanasonkhedwe kumaletsa nkhuni kuyaka pachabe. Palinso njira imene mabanja a ku Ulaya anadalira pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu malasha atasowa: ankaphula mphika wowira n'kuuika m'bokosi lodzaza udzu wouma kuti chakudya chipse ndi kutentha kwake komwe. Dengu loyalidwa nsalu zakale kapena masamba ouma a nthochi limagwira ntchito yomweyo pa mpunga ndi nyemba. M'mwezi wa Ramadhan, pamene moto umasonkhedwa madzulo ndi m'bandakucha, dengu lotere limatha kusunga chakudya chofunda kwa maola angapo. Chisilamu chimatcha kusakaza kuti israaf, ndipo dzinali limakhudza chikuni choyaka popanda mphika monga mmene limakhudzira nsima yotayidwa kudzala.

Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mbadwo wa makolo athu unasiya koloboyi m'zaka 10 zokha, banja lililonse litadziwerengera lokha. Kuwerengera komweko kukudikira pa mafuwa. Banja litalemba kwa mwezi umodzi ndalama zogulira nkhuni ndi makala, pamodzi ndi maola okatola, bambo ndi mayi n'kukhala pansi kuyerekeza chiwerengerocho ndi mtengo wa mbaula yadongo, chisankho chake sichingakhale chovuta.