Za tchuthi cha abale athu a ku Mzuzu

Kumudzi kuno timakonda kudandaula kuti abale athu ogwira ntchito ku Mzuzu akabwera pamaliro amagona usiku umodzi basi, m'mawa ali pa minibasi. Ine ndimawamvetsa ndithu, chifukwa tchuthi cholipidwa si chinthu chakale m'dziko muno.

Mzuzu womweyu anayambira pa esiteti ya mitengo ya tung mu 1947, n'kudzatchedwa mzinda mu 1985. Nthawi ya atsamunda, m'maesiteti ambiri masiku ankawerengedwa pa tikiti. Wagwira ntchito, kapitawo akuchongera. Wadwala kapena waferedwa, tsiku limenelo lapita.

Lamulo la ntchito la mu 2000 linalemba zinthu momveka. Wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 15 a tchuthi pachaka, wa masiku asanu ndi limodzi ali ndi 18. Ukatha chaka pantchito n'kudwala, dokotala akalemba kalata umalandira malipiro onse kwa masabata 4, kenako theka kwa masabata 8. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 pa zaka zitatu zilizonse. Abambofe anatikumbukira mochedwa, mu 2021: masabata awiri mwana akabadwa.

Koma masiku a maliro m'lamulomo mulibe, abale anga. Zimadalira mgwirizano wa pantchitopo kapena mtima wa bwana, apo ayi munthu amadula pa masiku 15 aja. Maliro awiri ku Rumphi, chiliza ku Mzimba, pofika nthawi yokolola watsala ndi masiku atatu, ife tikumudikira kuti adzatithandize kutonola chimanga.